CHIFUWA CHOKOKA MTIMA: MWANA WA SUKULU ASATENGERE KHANDA NTHENDA

Pali nthenda ina imene agogo athu ankaidziwa ndi khutu lokha, wodwalayo asanamuone n'komwe. Mwana ankati akayamba kutsokomola usiku osapumira, mpaka kubanika, kenaka n'kukoka mpweya mwamphamvu ngati tambala wongophunzira kulira, mudzi wonse unkadziwa kuti chifuwa chokoka mtima chalowa. Lero amayi ambiri achitsikana sanamvepo kutsokomola kotereku, ndipo ena amaganiza kuti nthendayi inatha pamodzi ndi nthomba. Nthomba inathadi, koma chifuwa chokoka mtima chikadalipo. Katemera anangochibweza m'mbuyo, ndipo paliponse pamene katemera wachedwa kapena mphamvu yake yazilala, icho chimabwerera.

Ulendo uno tikambirana za mmene nthendayi imayendera kuchoka ku sukulu kufika pa mphasa pamene pagona khanda. Tipitanso ku Chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, kumene madzi osefukira akhala akusokoneza masiku a katemera wa ana. Zimene anzathu a kumeneko akumana nazo zikutikhudza ifenso a m'mbali mwa nyanja, pakuti akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

CHIFUWA CHA MASIKU 100

Nthendayi imayamba ndi kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Bordetella pertussis. Anakatulukira ndi akatswiri awiri a ku Belgium, a Jules Bordet ndi a Octave Gengou, m'chaka cha 1906. Kachilomboka kamakhala mwa anthu okha. Sikachokera m'madzi, m'zakudya kapena ku ziweto. Kamauluka m'timadontho ta malovu pamene wodwala akutsokomola kapena kuyetsemula. Kakalowa m'thupi kamakakamira m'njira za mpweya ndi kutulutsa ululu umene umafoola timaubweya tating'onoting'ono timene ntchito yake ndi kusesa makhololo kuchoka m'mapapo. Makhololo aja akaunjikana, thupi limayesa kuwachotsa ndi chifuwa chosalekeza.

Munthu akatenga kachilomboka pamapita masiku 7 mpaka 10 asanayambe kudwala, ngakhale nthawi zina pamatha masabata atatu. Poyamba nthendayi imaoneka ngati chimfine wamba: mamina, kuyetsemula, kachifuwa kochepa, ndipo thupi silitentha kwambiri. Izi zimatenga sabata imodzi kapena awiri. Komatu nthawi imeneyi, pamene aliyense akuti ndi chimfine chabe, ndiyo imene wodwala amapatsira anzake kwambiri.

Kenaka chifuwa chenicheni chimayamba. Mwana amatsokomola motsatizana kambirimbiri pa mpweya umodzi, nkhope imafiira, maso amatong'oka, ndipo pomaliza amakoka mpweya ndi phokoso lija limene linapatsa nthendayi dzina. Kawirikawiri amasanza akangotha kutsokomola. Chodabwitsa n'chakuti chifuwa chikaleka mwanayo amaoneka bwinobwino, amasewera ndi kudya, kotero kuti makolo amaganiza kuti wachira. Usiku chimayambiranso. Zimenezi zimatha kupitirira masabata 6 kapena kuposa, ndipo kuchira kwake n'kwapang'onopang'ono. N'chifukwa chake anthu a ku China anaitcha chifuwa cha masiku 100.

KHANDA SILIKOKA MTIMA, LIMANGOLEKA KUPUMA

Mwana wa zaka 8 kapena 12 akadwala chifuwa chimenechi amavutika, amaonda, amajomba ku sukulu, koma nthawi zambiri amachira. Amene ali pa ngozi yaikulu ndi khanda losakwana miyezi 6, makamaka la miyezi iwiri kapena itatu yoyambirira. Khanda lilibe mphamvu zotsokomolera ngati mkulu wake, ndipo kawirikawiri silikoka mtima n'komwe. Chimene limachita ndi kuleka kupuma kwa kanthawi, milomo ndi lilime n'kuda, thupi n'kulefuka. Limalephera kuyamwa. Lingathe kudwala chibayo, kukomoka, kapena kuvulala bongo chifukwa chosowa mpweya. Mayi amene akudikira kumva phokoso la kukoka mtima asanapite ku chipatala angathe kudikira mpaka nthawi kutha.

Akatswiri amene anawerengera za chaka cha 2014 anapeza kuti pa dziko lonse ana pafupifupi 24 miliyoni osakwana zaka 5 anadwala nthendayi, ndipo pafupifupi 160,700 anamwalira. Oposa theka la omwalirawo anali a muno mu Africa. Nthendayi siitchulidwa kawirikawiri m'zipatala zathu chifukwa kuitsimikiza kumafuna zipangizo zimene zimapezeka m'malabotale akuluakulu okha. Motero khanda lobanika lingathe kulembedwa kuti lili ndi chibayo, pamene gwero lake ndi chifuwa chokoka mtima.

Tsono khanda limene silinatuluke n'komwe m'nyumba limaitenga kuti nthendayi? Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana wasonyeza kuti kawirikawiri limaitenga kwa anthu a m'nyumba momwemo: amayi, abambo, agogo, ndiponso akulu ake amene amapita ku sukulu. Nthendayi ikalowa m'nyumba, pa anthu 10 opanda chitetezo, 8 kapena 9 amaitenga.

Taganizirani tsiku la mwana wa Sitandade 3. M'mawa ali m'kalasi modzaza, atakhala phewa ndi phewa ndi anzake. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, makalasi a ana oposa 100 si achilendo m'sukulu zathu. Masana ali ku madrasa, kumene ana amawerenga mokweza mawu atayandikana pa mkeka umodzi. Madzulo akafika pakhomo, ntchito yake ndi kubereka mng'ono wake kuti amayi aphike. Ngati mwanayu ali ndi kachifuwa kamene katha masabata awiri, ndiye kuti njira yochoka m'kalasi kufika kwa khanda ndi yaifupi kwambiri.

MAFUWA ATATU

Katemera wa nthendayi anamukonza ndi kumuyesa bwino ndi amayi awiri a ku Michigan m'dziko la America, a Pearl Kendrick ndi a Grace Eldering, m'zaka za m'ma 1930. Pambuyo pake anamuphatikiza ndi katemera wa kafumbata ndi wa nthenda yotseka pakhosi yotchedwa diphtheria, n'kukhala jekeseni mmodzi amene makolo akale amamudziwa ndi dzina lakuti DPT. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linakhazikitsa ndondomeko yotemera ana onse m'chaka cha 1974, ndipo dziko la Malawi linayamba ndondomeko yake m'chaka cha 1979.

Kuyambira m'chaka cha 2002 ana athu amalandira katemera amene ku sikelo amamutcha Penta, chifukwa amateteza ku nthenda zisanu: chifuwa chokoka mtima, kafumbata, diphtheria, nthenda ya chiwindi ya mtundu wa B, ndi tizilombo tina toyambitsa chibayo ndi nthenda youmitsa khosi. Mwana amabayidwa pa ntchafu katatu: ali ndi masabata 6, masabata 10, ndi masabata 14. Katemerayu ndi waulere.

Majekeseni atatuwa ali ngati mafuwa. Mphika sukhazikika pa fuwa limodzi kapena awiri. Jekeseni woyamba amachepetsa kale ngozi ya imfa, n'chifukwa chake sayenera kuchedwa ngakhale ndi sabata imodzi, koma chitetezo chokwanira chimabwera wachitatu akaperekedwa. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti pa ana 100 aliwonse a chaka chimodzi, 93 anali atalandira Penta katatu, koma 76 okha ndiwo anali atamaliza katemera yense wofunika. Chiwerengero cha 93 n'chonyaditsa, komabe chikutanthauza kuti m'kalasi la ana 100 mungathe kukhala ana 7 amene mphika wawo uli pa mafuwa osakwana.

Amayi ena amazemba jekeseni wachiwiri chifukwa woyamba anatenthetsa mwana thupi, ntchafu inatupa, ndipo analira usiku wonse. Zimenezi zimachitikadi, ndipo zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Yamwitsani mwana pafupipafupi, musamufunditse zambiri, ndipo funsani alangizi a zaumoyo za muyezo wa panado woyenera msinkhu wake. Usiku umodzi wa kulira sungafanane ndi miyezi itatu ya kubanika.

MPHAMVU YA KATEMERA IMAZILALA

Bwato lomatidwa bwino silikhala lomatika mpaka kalekale. Pakapita nthawi limayamba kulowa madzi, ndipo mwini wake amalikokera kumtunda kukalimatanso. Chitetezo cha katemera wa chifuwa chokoka mtima n'chimodzimodzi. Chimazilala pang'onopang'ono pakati pa zaka 4 ndi 12 chilandirire. Ngakhale munthu amene anadwalapo nthendayi angathe kudzadwalanso atakula. Choncho mwana amene anamaliza majekeseni ake ali ndi masabata 14, pofika m'makalasi apamwamba a pulayimale chitetezo chake chimakhala chitachepa. Iye mwini sadwala kwambiri, koma angathe kunyamula kachilombo kupita nako kunyumba.

Pa chifukwa chimenechi bungwe la WHO limalangiza kuti ana azilandira katemera wachibwereza wa chifuwa chokoka mtima ali pakati pa chaka chimodzi ndi zaka 6, makamaka m'chaka chachiwiri. Pa kafumbata ndi diphtheria limalangiza zibwereza zitatu: pakati pa miyezi 12 ndi 23, pakati pa zaka 4 ndi 7, ndiponso pakati pa zaka 9 ndi 15. Mukaona bwino, zibwereza ziwiri zomalizazo zikugwa pa msinkhu wa sukulu. M'chaka cha 2023 bungwe la Gavi, limene limathandiza maiko osauka kugula katemera, linavomereza kuyamba kuthandizanso pa katemera wachibwerezayu.

Maiko ena anafika pokhazikitsa lamulo. M'chaka cha 2010 m'chigawo cha California ku America anthu oposa 9,000 anadwala chifuwa chokoka mtima ndipo makanda 10 anamwalira. Kuyambira m'chaka cha 2011 boma la kumeneko linalamula kuti mwana wa zaka za m'ma 12 asapitirire ndi sukulu popanda chikalata chosonyeza kuti walandira katemera wachibwereza, ndipo m'madera ambiri anatsegula malo obayira ana pafupi ndi sukulu kapena pa sukulu pomwepo. Ku Britain, m'chaka cha 2012, chimene makanda 14 anamwalira, anayamba kutemera amayi oyembekezera kuti mwana azibadwa ndi chitetezo chochokera kwa mayi ake. Ngakhale zili choncho, m'chaka cha 2024 anthu oposa 14,000 anapezeka ndi nthendayi ku England. Maiko olemerawa amagwiritsa ntchito mtundu wina wa katemera umene sutenthetsa thupi kwambiri koma mphamvu yake imatha msanga kuposa ya amene ali mu Penta.

Abale athu amene ali ku Joni akudziwa za ndondomeko ya ku South Africa. Kumeneko mwana amabayidwanso ali ndi miyezi 18, ndipo kuyambira m'chaka cha 2024 jekeseni wa pa zaka 6, wa pa zaka 12, ndi wa amayi oyembekezera alinso ndi katemera wa chifuwa chokoka mtima. Polembetsa mwana ku sukulu ya boma amafunsa khadi la katemera. Ngati muli ndi mdzukulu wobadwira kumeneko amene anabwera kudzakulira kuno, sungani bwino kabuku kake ndipo mukakaonetse ku chipatala cha kwanuko.

Kuno kwathu ana amene ali pa sukulu lero anakula ndi majekeseni atatu a ukhanda aja basi. Tidziwenso kuti katemera wa kafumbata amene amayi oyembekezera amalandira ku sikelo ndi wofunika kwambiri, koma sateteza ku chifuwa chokoka mtima. Ndiye kuti khanda la kuno, kuyambira tsiku lobadwa mpaka litalandira majekeseni ake, likudalira zinthu ziwiri: kuti lifike ku sikelo pa tsiku lake, ndi kuti a m'nyumba asalitengere nthenda.

PAMENE MADZI AKOKOLOLA TSIKU LA SIKELO

Palibe dera limene likusonyeza kuvuta kwa kusunga tsiku la sikelo kuposa Chigwa cha Shire. Pa kalembera wa chaka cha 2018 boma la Chikwawa linali ndi anthu 564,684 ndipo la Nsanje 299,168. Kuli zipatala zazikulu za boma pa Chikwawa ndi pa Nsanje, chipatala cha Ngabu, cha St Montfort ku Nchalo, cha Kalemba ku Bangula, ndi cha Trinity ku Muona. Koma ana ambiri salandirira katemera m'zipatala zimenezi. Amalandirira pa sikelo zoyendayenda, pansi pa mtengo kapena pa sukulu, kumene alangizi a zaumoyo amafika atanyamula katemera m'kabokosi kozizira.

Katemera wa Penta amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8. Akatentha kwambiri amafooka, ndipo akauma ngati madzi oundana amaonongeka. Ku Ngabu ndi ku Nsanje m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ulendo wake nawonso si wapafupi. Madzi atakokolola msewu ndi njanji pa Chiromo m'chaka cha 1997, anthu a ku Makhanga ndi madera ena a kum'mawa kwa Shire akhala zaka zambiri akuwoloka pa bwato kuti afike ku Bangula. Midzi ya kwa Nyachikadza, m'dambo la Ndindi, imafikika ndi bwato.

Pamwamba pa zimenezi pali madzi osefukira. Mu Januwale 2015 madzi anasamutsa anthu oposa 200,000 m'dziko muno, ndipo dera la Makhanga linasanduka chilumba chofikika ndi ndege kapena bwato basi. Mu Malichi 2019 kunabwera madzi a namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 a namondwe wa Ana, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala m'chigawo cha kumwera. Nthawi zonsezi Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma ovutika kwambiri.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Khanda lobadwa ku Makhanga kumayambiriro kwa Disembala 2014 linakwanitsa masabata 6 pakati pa Januwale 2015, pamene mudzi wonse unali m'madzi. Lobadwa kumapeto kwa Januwale 2023 linakwanitsa masabata 6 sabata imene Freddy anafika. Banja likamathawa madzi usiku limanyamula ana. Kabuku ka kusikelo kamatsala pa tsindwi kapena m'chikwama, n'kupita ndi madzi. Kenaka banjalo limakapezeka pa msasa, ndipo misasa yambiri imakhala m'makalasi a sukulu. M'chipinda chimodzi mumagona makanda osatemera, ana a sukulu, ndi agogo otsokomola. Nthenda youluka ndi mpweya siifuna malo ena oposa amenewa. Madzi akaphwa, mayi sakumbukanso ngati mwana anabayidwa kawiri kapena katatu. Mwana wa mu Disembala 2014 uja lero ali pa sukulu, ndipo mwina akubereka mng'ono wake.

Chigwachi chilinso m'malire ndi dziko la Mozambique. Pa nthawi ya nkhondo ya kumeneko, m'zaka za m'ma 1980 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1990, dziko lathu linasunga anthu othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ndipo ambiri anali ku Nsanje m'misasa ngati wa Nyamithuthu. Kumapeto kwa chaka cha 2024 ena anawolokanso kuthawa zipolowe za pambuyo pa chisankho. Ana oyenda motere ndiwo amaphonya katemera kawirikawiri.

Komabe Chigwa cha Shire chatiphunzitsanso kuti zinthu zimatheka. Madzi a 2015 atangophwa, azaumoyo anapereka katemera wakumwa wa kolera m'misasa ndi m'midzi yozungulira ku Nsanje, pofuna kufikira anthu pafupifupi 160,000. M'chaka cha 2019 Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma 11 amene anayamba kupereka katemera wa malungo, pamodzi ndi Mangochi, Machinga, Balaka, Nkhata Bay ndi Karonga. Katemera ameneyu ali ndi jekeseni wachinayi amene mwana amalandira atatsala pang'ono kukwanitsa zaka ziwiri. Katemera wachiwiri wa chikuku nayenso amaperekedwa pa miyezi 15. Ndiye kuti sikelo siithera pa miyezi 9 monga ambiri anazolowera. Mayi amene wazolowera kubwereranso m'chaka chachiwiri sadzavutika ndi katemera wachibwereza wa mtundu uliwonse.

Kubayira ana pa sukulu nakonso si kwachilendo. Kuyambira m'chaka cha 2019 atsikana a zaka 9 akhala akulandira katemera woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero. Mu Meyi 2023, patangopita miyezi iwiri chidutsire Freddy, ana mamiliyoni osakwana zaka 15 analandira katemera wa tayifodi m'dziko lonse, ndipo ambiri analandirira pa sukulu zawo. Njira yofikira mwana wa sukulu ilipo kale.

IFE A KUNYANJA

Wina anganene kuti za ku Nsanje n'za ku Nsanje. Komatu mu 2023 Freddy sanalambalale Mangochi ndi Machinga, ndipo mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba za anthu m'madera ambiri a m'gombe. Ngakhale popanda madzi osefukira, moyo wathu ndi woyendayenda. Usipa ukagwa ku doko lina, banja limasamukirako kwa miyezi iwiri. Amayi a geni ya nsomba amayenda ndi khanda kumbuyo kupita ku Limbe kapena ku Lilongwe. Abambo ali ku Joni, mwana wasiyidwa kwa agogo, kabuku katsala kwa amayi. Tsiku la sikelo limatayika mosavuta ngati mmene limatayikira m'madzi a Shire.

Pali chinthu chimodzi chimene kholo lililonse liyenera kudziwa: mwana akaphonya tsiku lake sayambiranso poyamba. Ngati analandira jekeseni mmodzi miyezi isanu yapitayo, akangofika amalandira wachiwiri, ndipo wachitatu pakapita masabata anayi. Angathe kulandirira pa chipatala chilichonse, ngakhale kutali ndi kumene anabadwira. Chimfine chochepa si chifukwa chomuletsera. Kabuku kakatayika, pitani mukafotokoze, pakuti alangizi a zaumoyo amasunga kaundula wa ana amene anawatemera, ndipo adzaona chochita. Amayi ena amaopa kukalipiridwa chifukwa chochedwa. Mawu okalipa amaiwalika pofika kunyumba, koma mwana wosatemera amakhalabe wosatemera. Safunsa anadya phula.

ZOYENERA KUCHITA PAKHOMO

Choyamba, mwana akabadwa werengani masabata 6 ndi kulemba tsikulo pamene aliyense angalione. Abambo, ntchito imeneyi si ya amayi okha. Ngati chipatala chili kutali, ndalama ya kabaza ya masiku atatu amenewa ikonzedwe mwana asanabadwe.

Chachiwiri, tetezani khanda kwa otsokomola. Ndi mwambo wabwino kuti achibale abwere kudzaona mwana ndi kusangalala pa tsiku lomupatsa dzina, koma amene ali ndi chifuwa kapena chimfine aonere patali, asamunyamule kapena kumupsompsona. Mwana wa sukulu amene akutsokomola asabereke mng'ono wake, ndipo ngati n'kotheka asagone naye chipinda chimodzi.

Chachitatu, chifuwa chilichonse chimene chatha masabata awiri, kwa mwana kapena wamkulu, chipite ku chipatala. Chingathe kukhala chokoka mtima, chingathenso kukhala chifuwa chachikulu. Nenani momveka ngati wodwalayo amasanza akatsokomola, ngati chimakula usiku, ndiponso ngati pakhomo pali khanda kapena mayi wotsala pang'ono kuchira. Mankhwala opha tizilombo monga erythromycin ndi azithromycin amathandiza kwambiri akayambidwa msanga. Akachedwa sathetsa chifuwacho, komabe amaletsa kupatsirana. Wodwala akawamwa masiku 5 sapatsiranso ena, pamene wosamwa amapatsira kwa masabata atatu. Amwedwe molamulidwa ndi achipatala, osati ogula pa okala. Mankhwala a madzi a chifuwa a m'sitolo sathandiza pa nthendayi.

Chachinayi, khanda likamaleka kupuma, likada milomo, likalephera kuyamwa, likamapuma mofulumira kapena kukomoka, musadikire kuti kuche. Nyamukani nthawi yomweyo. Musalipatse uchi, pakuti ngakhale uchi ndi wabwino kwa akulu ndi ana okulirapo, ndi woopsa kwa mwana wosakwana chaka. Mwana wodwala akhale kutali ndi utsi wa kukhitchini, wa fodya, ndi wowambira nsomba, chifukwa utsi umadzutsa chifuwa. Akasanza dikirani pang'ono, kenaka mumuyamwitsenso kapena kumupatsa chakudya chochepa pafupipafupi.

Chachisanu, kabuku ka kusikelo kazikhala m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi zitupa za banja, pamalo pamene mungakatenge mumdima. Ngati pakhomo pali foni yojambula, jambulani tsamba la katemera ndi kutumizira wachibale wina.

KWA APHUNZITSI NDI AMWALIMU

Makolo ambiri polembetsa mwana Sitandade 1 amatenga kabuku ka kusikelo pofuna kusonyeza zaka zake. Mphunzitsi amaona tsiku lobadwa n'kubweza kabukuko. Chikhala sanachedwe kutsegulanso tsamba la katemera, akadapeza ana amene anasiyira panjira. Bungwe la WHO limalimbikitsa kuti nthawi yolembetsa sukulu izikhala nthawi yoonanso katemera wa mwana. Ifenso m'madrasa tingathe kuchita chimodzimodzi popanda kudikira lamulo. Cholinga si kubweza mwana ayi, pakuti mwana sanalakwe kanthu. Cholinga ndi kutumiza kholo kwa alangizi a zaumoyo, amene adzanene katemera woyenera msinkhu wa mwanayo. Ndipo kawirikawiri pakhomo pamene mwana wa zaka 6 anaphonya katemera, pamakhalanso wamng'ono amene akuphonya panopa.

Mphunzitsi ndiye amamva chifuwa cha mwana tsiku ndi tsiku. Mwana akatsokomola mpaka kusanza, kapena akatha masabata awiri akutsokomola, itanani makolo. Ana angapo akayamba chifuwa chofanana m'kalasi limodzi, dziwitsani chipatala chapafupi. Tsegulani mawindo. Mwana amene achipatala amupeza ndi nthendayi apume kunyumba masiku 5 akumwa mankhwala, ndipo asalangidwe chifukwa chojomba. Azaumoyo akabwera ndi katemera pa sukulu, makomiti a sukulu ndi a mzikiti athandize kufalitsa uthenga, ndipo ana asabisidwe kunyumba tsiku limenelo chifukwa cha mphekesera. Amene ali ndi funso akafunse kwa odziwa.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Khanda la pakhomo loyandikana nalo likudalira kuti ana anu akhale otemera, monga lanunso likudalira awo. Lero lomwe tulutsani timabuku ta ana onse a pakhomo panu, tsegulani tsamba la katemera, ndipo pa mzere wa Penta muwerenge ngati palembedwa masiku atatu. Ngati papereweka, funsani tsiku la sikelo yotsatira m'dera lanu ndipo mukapezekeko. Allah atisungire ana athu ndi moyo wabwino.